Kuuza Nankhoma Mitsinje

Sendezani mbaulayo pakati, magetsi awa sabwera msanga. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene mpando uwo umakhalira wopanda munthu ngakhale alendo achuluke chotani, ndiye lero ndikuuzani. Wofuna kuseka aseke. Nanenso ndinali m'gulu la oseka.

Ine ndi achimwene anga a Lekisoni tinabadwa awiri basi. Iwo ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ina pa Dedza pompano. Akazi awo, alamu anga a Nankhoma, anali mayi wa mawu ochepa koma wa maso. Ukalowa m'khitchini mwawo ankakuyang'ana m'manja mpaka utuluke. Sitinayambanepo poyera, komanso ndinganame nditati tinkakondana. Chimene aliyense ankawadziwa nacho ndi chimanga chokazinga. Ankachimanga pansonga ya chitenje ndi mfundo ziwiri, ina pamwamba pa inzake, ndipo kulikonse, ndi kutchalitchi komwe, unkadziwa kuti a Nankhoma ali kumbuyo kwako pomva kukukuta.

Mwana wawo Tiyese amagwira ntchito ku Joni, mumzinda wina umene anaumangira juga yokhayokha. Akuti makina a jugawo anandanda ngati mizere ya m'munda, magetsi sazima, ndipo anthu amaiwala kuti kunja kwacha. Tiyeseyo anatumiza matikiti awiri a ndege kuti makolo ake akapumeko sabata imodzi. Alamu, amene chibadwire anali asanapitirirepo Lilongwe, anakondwa ngati mwana. Ankauza aliyense kuchigayo kuti akakoka nawo makinawo kamodzi kokha, kuti nawonso adzafe atachimwako. Kutatsala milungu itatu kuti anyamuke, anadwala masiku anayi n'kumwalira kuchipatala ku Lilongwe.

Mukudziwa mmene timachitira tikamanyamula maliro kuchokera kutali. Munthu mmodzi amakhala pafupi ndi bokosi n'kumamuuza womwalirayo mtsinje uliwonse, kuti tikuwoloka wakuti, chifukwa akuti wakufa sawoloka madzi osauzidwa, amatsala tsidya. Tsiku limenelo ntchitoyi anaigwira ndi achimwene eni ake, ndipo sanaphonye ngakhale kakhwawa.

Maliro atatha, Tiyese anasinthitsa tikiti ya mayi ake kuti ikhale m'dzina langa. Anati bambo ake asangokhala m'nyumba n'kumayang'ana khoma, apite ndithu, azakhali akawaperekeze. Ine ndinkayesa achimwene akana. Anavomera pompo! Patapita masiku awiri ndinawapeza akuimba mluzu pamakina awo osokera, munthu woti tsitsi limene tinam'meta pamaliro linali lisanamere n'komwe. Apa m'pamene mtima wanga unayamba kundiuza zinthu. Panali mayi wina wogulitsa kachewere pamsika, dzina lake Jenala, amene chichitikireni maliro ankawapititsira achimwene chakudya m'kontena tsiku ndi tsiku. Chifundo cha mtundu wanji chosadumphitsa ngakhale Lamlungu? Ndinatsimikiza kuti Jenalayo ali paulendowu, ine anditenga ngati chophimba m'maso mwa anthu. Ndinalumbira kuti ndikawagwira.

Tinanyamuka m'mawa, chifunga chisanachoke paphiri. Achimwene anatulukira atanyamula kachikwama ka chizimayi kofiirira, m'khutu atatsekamo kachingwe ka foni. Nditati ndiwalandire kachikwamako anakakumbatira ngati ndati ndiwalande mwana. Mu minibasi analipira mipando itatu, wina n'kuusiya pakati pathu, ati miyendo yawo imachita dzanzi. Miyendoyo sanaitambasule mpaka ku Lilongwe.

Titafika pa Linthipe ndinawaona akuweramira chakumbali n'kumanong'ona. Injini inkalira kwambiri, koma ndinatolako pang'ono: “Usaope, ndili pompano.” Ndinaluma mlomo. Ndinadziwa kuti Jenala ali m'galimoto ina kumbuyo kwathu, akutsatira. Atanong'onanso pa Diamphwe ndinacheuka kuyang'ana galimoto zonse zimene zinkabwera m'mbuyo, mpaka khosi linandipweteka.

Titangodutsa mlathowo minibasi inaima kutsitsa munthu. Gogo wina wogulitsa tomato anabwera pawindo. Anapereka moni kwa achimwene, anapereka kwa ine, kenaka anapinda bondo n'kuyang'ana pampando wopanda munthu uja, amvekere, “Muyende bwino, mayi.” Sanatitsatse ndi tomato yemwe. Kondakitala anaseka n'kunena kuti gogoyo maso anatha kale. Nane ndinaseka, koma ndinaona kuti achimwene anayankha moniwo ndi mutu.

Ndinali nditanyamula kajumbo ka chimanga chokazinga, chifukwa Tiyese anati wachisowa. Ndinakamanga ndekha kunyumba, mfundo imodzi yosavuta kumasula, n'kukaika pamwamba m'chikwama changa. Titafika pa Nathenje ndinapisa dzanja kufuna mpango, ndipo ndinamva kuti kajumboko kapepuka. Ndinaganizira mnyamata amene anakhala kumbuyo kwanga, ndinam'ponyera diso loipa mpaka anayang'ana kumbali. Pepani kwa mwana wa eni ake uja, kulikonse kumene ali.

Pabwalo la ndege pali zitseko zagalasi zotseguka zokha. Anthu amene anali patsogolo pathu akangodutsa, chitseko chinkatseka nthawi yomweyo. Ife titadutsa chinangokhala yasa. Chinadikira, chinadikira, ngati mmene umadikirira munthu wonenepa woyenda pang'onopang'ono, kenaka n'kutseka bwinobwino. Mlonda anachiyang'ana, anatiyang'ana ife, anakanda m'mutu. Ine maso anga anali kwina, ndinkafunafuna Jenala pamizere yonse, mpaka ndinakasuzumira kuchimbudzi cha amayi.

Pofufuza katundu, wapolisi wamkazi anatsegula kachikwama kofiirira kaja. Munatuluka diresi yatsopano ya buluu ya maluwa achikasu, yosokedwa ndi dzanja la achimwene, ndi nsapato za chizimayi. Mtima wanga unati wagwidwa mbala! Ndinawayang'ana kuti mwina achita manyazi, koma iwo anangoipinda diresiyo mwaulemu n'kuibwezera. Ndikanakhala munthu woganiza ndikanaona kuti diresi imeneyo Jenala angalowemo kawiri, pakuti mayi uja ndi woonda ngati bango. Koma munthu ukatsimikiza kuti wapeza mfiti, ngakhale kutsokomola kwake kumakhala umboni.

M'ndege munadzaza thothotho. Mipando inali itatuitatu. Achimwene anakhala kuwindo, ine kumapeto, ndipo pakati pathu panalinso mpando wopanda munthu, umodzi wokhawo m'ndege yonse. Ndinati ehe, mwini wake akubwera. Ndinakonza ndi mawu omulandira nawo. Koma chitseko chinatsekedwa Jenala osaoneka, ndipo achimwene anatambasula dzanja n'kumanga lamba wa pampando wapakatiwo.

Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo, wa kwathu konkuno, anadutsa akuwerenga anthu. Anafika kumbuyo, anabwerera, anayambiranso. Kachitatu anaitana mnzake. Anawerenga onse awiri, anayang'ana papepala, ananong'onezana, kenaka onse anayang'ana mzere wathu. Wachiwiriyo anabwera mpaka pafupi, anayang'ana lamba womangidwayo, n'kubwerera. Tinachedwa kunyamuka ndi mphindi makumi awiri. Achimwene anapezerapo mwayi wopempha mtsikanayo kuti oyendetsa ndege azitiuza tikafika pamitsinje ikuluikulu. Iye anavomera msangamsanga ngati wofuna kuchokapo.

Za kunyamuka kwa ndege sindinena zambiri. Titakhazikika m'mwamba anatiuza kuti mafoni akhale ozima, koma achimwene anapitiriza kunong'ona. Apa m'pamene ndinayamba kudabwa. Foni yanji yogwira kumitambo?

Kenaka ndinamva kukukuta.

Kunali pafupi, chakukhutu kwanga kwa kumanzere. Ndinacheuka. Kumbuyo kunali mzungu ali mtulo kukamwa yasa, ndi bambo wina akuwerenga nyuzipepala. Achimwene milomo inali yotseka. Kukukutako kunaleka, ndipo nditangotsamira kunayambanso, pang'onopang'ono, njere imodziimodzi. Ndinatsegula chikwama changa. Chimanga chija chinali chitatsika mpaka theka, ndipo kajumboko kanali komangidwa mfundo ziwiri, ina pamwamba pa inzake.

Nthawi yomweyo woyendetsa ndege analankhula m'Chingerezi kuti pansi pathu pali Zambezi. Achimwene anaweramira pampando wapakati, ndipo ulendo uno ndinamva mawu onse.

“Nankhoma, tikuwoloka Zambezi. Ndi wamkulu ameneyu, usayang'ane pansi.”

Ndinakoka kachingwe kaja m'khutu mwawo. Kanasololoka konse m'thumba la jekete, kumapeto kwake kulibe foni, kuli kaphini kokha kokoletsera kuti kasagwe. Ankakavala kuti anthu asawayese amisala. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti chichokereni ku Dedza ankanong'ona pamilatho pokhapokha.

“Achimwene, mwachita chiyani?”

“Ndapita kumanda m'mamawa, ndam'tenga,” anatero, osachita ndi manyazi omwe. “Zaka makumi atatu ndi chimodzi, Felesiya, sindinam'pititsepo kulikonse. Diresi ndinali nditam'sokera kale. Akaone magetsiwo, akakoke makina ake kamodzi, tikatero ndim'bweza ndekha.”

Ndinawanyoza monong'ona, pakuti m'ndege sungakweze mawu. Ndinati akuluakulu anagoneka munthu mwamwambo, inu mukukam'dzutsa chifukwa cha juga? Ndinati abusa akamva atidula tonse. Ndinati zambiri, zina zosayenera kuuza mkulu wako. Iwo anangomvetsera maso akulemera. Anandiuza kuti asanakwere anamwa mapiritsi awiri amene Tiyese anawauza kuti amachotsa mantha, ndipo chichitikireni maliro anali asanagonepo tulo tenitweni. Anayesa kudzitsina, anayesa kumwa madzi, koma mutu unkangogwa.

“Watsala Limpopo,” anatero lilime litalemera. “Ndikagona umuuze ndiwe. Ungoti alamu, tikuwoloka Limpopo. Basi. Usam'siye, chemwali, kuno sakudziwako aliyense.”

Sindinavomere, sindinakane. Anagona dzanja lawo lili pampando wapakati, chikhatho chili m'mwamba, zala zitapindika ngati zagwira dzanja lina.

Tsono mvetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene anthu amandiweruzira. Ndinakhala ndikuwayang'ana achimwene. Kupuma kwawo kunayamba kutalikirana. Amapuma kamodzi, ine n'kuwerenga mpaka khumi, osapumanso. Milomo inayamba kutuwa. Ndinawagwira pamkono, panali pozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo kuzizirako kunkakwera kuchokera kudzanja limene linali pampandolo. Ndinayesa kulichotsa dzanjalo, silinasunthe. Sindikunena kuti chinaligwira ndi chiyani, sindinaone kanthu. Ndikungonena kuti ine ndimanyamula thumba la chimanga ndekha, koma dzanja la telala wokalamba linandikanika.

Kukayika konse kumene ndinali nako pa Jenala kunasamukira kwa alamu. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi ndani akutenga mnzake paulendowu. A Nankhoma amene ndinkawadziwa ine sankalola kuti supuni yawo igone kwa eni, ndiye mwamuna angam'siyire Jenala? Ndinaona kuti mayiyu sakufuna magetsi a ku Joni, akufuna mlongo wanga, ndipo tikakafika ndidzabwerako ndi bokosi. Ndili ndi mchimwene mmodzi yekha padziko lapansi. Ndinachita mantha, komanso ndinapsa mtima.

Woyendetsa ndege analankhulanso. Mwa zonse zimene ananena ndinamva liwu limodzi, Limpopo.

Kukukuta kunaleka. Ndinamva kuti ndikuyang'anidwa, diso lomwe lija la m'khitchini, chakutsaya langa lakumanzere. Mawuwo anali pakamwa penipeni, mawu atatu okha. Ndinawameza. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinapinda manja, ndinakhala chete dala. Pawindo, mitambo inang'ambika pang'ono ndipo ndinaona kamzere kotuwa kakukhotakhota pansi, kenaka kanabisika.

Ndege sinagwedezeke, magetsi sanaphethire. Panangomveka kuti kete, lamba wa pampando wapakati n'kumasuka yekha, mbali ina kugwera uku, ina uko. Dzanja la achimwene linatsetsereka n'kugwera pabondo pawo. Posakhalitsa anayamba kuliza mkonono, magazi anabwerera kumaso, mkono unafunda. Ndinathokoza Mulungu. Ndinati ndapulumutsa munthu.

Anadzidzimuka matayala atagunda pansi ku Joni. Asanapukute ndi m'maso momwe anandifunsa ngati ndinawauza alamu. Ndinati ndinawauza. Anandigwira dzanja n'kundithokoza, misozi ili m'maso, ndipo ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Tinakwera basi ya hotelo imene Tiyese anatikonzera, ulendo wa maola awiri. Achimwene ankangofunsa dalaivala mayina a timitsinje n'kumanong'oneza mpando wopanda kanthu. Koma ndinaona kuti ayamba kusakhazikika. Ankatchera khutu, ankagwira pampandopo, ankandiyang'ana. Anandipempha chimanga chija, anaika njere zingapo pachikhatho n'kutambasula dzanja. Njerezo anafika nazo kumzinda wa juga zili zonse.

Tinafika dzuwa likulowa. Za magetsi Tiyese sananame. Nyumba zonse zinkanyezimira, madzi ankavina m'mwamba, ndipo kuchokera panja unkamva makina akulira ngati achule a m'dambo nthawi ya dzinja. Tiyese anatichingamira pakhomo atavala yunifolomu yake. Achimwene anaima, anavula chipewa, n'kunena motsitsa kuti, “Tafika, Nankhoma. Taona.” Tinalowa pachitseko chagalasi. Titangodutsa, chinatseka nthawi yomweyo kumbuyo kwathu.

Achimwene anatembenuka n'kuchiyang'ana chitsekocho. Anatuluka, analowanso pang'onopang'ono. Chinatsekanso. Anthu ankatidutsa ndi matambula m'manja, makina akulira, Tiyese akufunsa chimene chavuta. Iwo anabwera pamene ndinaima. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

“Wam'siya pati?”

“Amafuna kukutengani, achimwene. Munazizira thupi lonse.”

“Amaopa ndege,” anatero. “Amangondigwira dzanja.”

Mpaka lero sindidziwa kuti wolondola ndani pakati pa ine ndi iwo, ndipo nkhani imeneyi ndimagona nayo, ndimadzuka nayo. Kutacha chipinda chawo chinali chopanda munthu. Sutikesi anaisiya, anatenga kachikwama kofiirira kokha. Wapachipata anati mdala wina anafunsa kokwerera mabasi opita kumalire a Zimbabwe. Tiyese anathamanga uku ndi uku, anaimba mafoni, osaphula kanthu. Ine sabata yonse ya tchuthi ndinaithera m'chipinda, makatani otseka. Makina a juga sindinawakhudze ndi chala chomwe. Ndinabwerera ndekha pandege, pambali panga patakhala mnyamata wamoyo wonunkha mowa, ndipo ndinam'konda ngati mwana wanga.

Panatha masiku asanu ndi anayi ndili kuno, titayamba kale kukambirana zokalengeza pawailesi. Tsiku limenelo masana ndinali kuseri ndikuanika zovala. Mukudziwa kangalande kamene mwadumpha pobwera kuno, kamene ngakhale mwana amakadumpha osaganiza. Ndinamva mawu a achimwene chapamenepo, akunena momveka bwino kuti tikuwoloka ngalande ya kwa Felesiya.

Ndinathamangira kumaso. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala, nsapato zitang'ambika, koma nkhope ili mbee ngati munthu wochokera ku ukwati. Anati anakhala masiku atatu pamlatho wa Limpopo akuitana akazi awo, ndipo atawapeza anabwera nawo pabasi, mtsinje ndi mtsinje, osaphonya. Anakankha geti yanga, anaigwira kanthawi kuti isatseke, kenaka analowa m'nyumba muno n'kuika kachikwama kofiirira pampando uwo.

“Magetsi aja sanawaone,” anatero. “Ndati ndikam'goneke kumanda, wakana. Akuti ayambe wakhala kuno kwa alamu ake, ali nawo mawu.”

Anavala chipewa n'kumapita kwawo okha, ndipo pangalande paja anangodumpha osanena kanthu. Masiku ano amagona tulo tabwino, anenepa, ndipo makontena a Jenala anawaletsa okha.

Ine ndayesa zonse. Ndapita nako kumanda kachikwamako katatu, ndikutchula ngalande, ndikutchula kakhwawa kalikonse, ndikupepesa njira yonse. Ndikabwerako ndimapeza geti yanga ikuchedwa kutseka. Mawu amene akuti ali nawowo sananene mpaka lero, ndipo chaka chino ndi chachitatu. Alamu anali munthu wosafulumira kulankhula.

Ndiye inu amene mwakhala kufupi ndi mpandowo, bwezani chimanga mwatapa m'mbalemo. Sindinakazingire inu.